Thandizeni abale, drone ingaone denga lodontha ku Mtakataka?

Muli bwanji nonse. Ndikufuna nzeru kwa amene munagwiritsako ntchito drone (kandege kakang'ono ka kamera koulutsa munthu ali pansi) poyendera denga la nyumba. Makolo anga ali ndi nyumba ya malata ku Mtakataka kufupi ndi nyanja, ine ndili pa Dedza boma pano, ndiye chaka chino mwera wawomba kwambiri moti malata ena akungolira usiku wonse ndipo mvula yathayi kuchipinda kumadontha. Kalipentala wakana kukwera ati malatawo achita dzimbiri komanso mapaso mwina adyedwa ndi chiswe, akuopa kubooka nalo. Sindikumunena, nanenso sindingakwere.

Funso langa ndi loti kamera ya drone imaonetsadi msomali womwe wazuka kapena kabowo kakang'ono? Kapena imangoona lata lomwe lasasuka basi? Zamkati monga mapaso ndikudziwa kuti siingaone, pamenepo munthu alowe musiling'i ndithu. Chinanso mphepo, kunyanja kumawomba heve masana, ndiye kandege kameneka kangapirire kapena tiulutse m'mamawa kusanayambe kuwomba?

Ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa za ma drone ya African Drone and Data Academy mu 2020, ndiye achinyamata odziwa zimenezi alipo, koma alipo wa ku Dedza, Ntcheu kapena Salima woti transipoti isadule? Mtengo umakhala bwanji? Nanga chilolezo cha a Civil Aviation (oyang'anira za ndege) chimafunika ngakhale pa nyumba imodzi yokha, ndipo amfumu ndi maneba tiwauziretu? Ndikufuna tikonze mvula ya Novembala isanagwe.