Kodi "meleki" wa m'maina a m'Baibulo ndi mfunda?

Abale, ndithandizeni. Lachinayi ku mphakati tinkawerenga Rute mutu 1, pomwe mwamuna wa Naomi akutchedwa Elimeleki. Mayi wina anafunsa kuti bwanji maina ambiri amathera chimodzimodzi, Abimeleki, Ahimeleki. Tonse tinangoti kakasi. Ine ndinayankha kuti mwina ndi mfunda, ngati Phiri kapena Banda, koma mtima sunakhazikike.



Ayi achimwene, si mfunda. Pa Chiheberi melek ndi mfumu, basi. Eli ndi "Mulungu wanga", ndiye Elimeleki ndiye kuti Mulungu wanga ndi mfumu. Abimeleki, bambo anga ndi mfumu. Ahimeleki, m'bale wanga ndi mfumu. Mwa Melikizedeki mawuwa ali kutsogolo, ndipo Ahebri 7:2 amamasulira okha kuti mfumu ya chilungamo.



Ndiwonjezerepo. Aheberi akale ankalemba zilembo zitatu zokha, m-l-k, opanda a, e, o. Pa tsinde lomweli pamachokera malka, mfumukazi, ndi mamlaka, ufumu. Pa Chiarabu amati malik. Koma musasokoneze ndi mal'ak, mthenga kapena mngelo, komwe kwachokera dzina la Malaki. Amamveka ngati pachibale koma tsinde ndi lina.



Ine chimene chimandisangalatsa n'chakuti melek amatambasuka ngati "mfumu" wathuyu. Kwathu nyakwawa ya mudzi wa nyumba khumi ndi mfumu, gulupu ndi mfumu, Gawa Undi ndi mfumunso. Tsegulani Yoswa 12. Akuwerenga mafumu amene anagonjetsedwa kutsidya la kumadzulo kwa Yordano, wa ku Yeriko, wa ku Ai, wa ku Hebroni, mpaka kukwana 31, m'kadziko kakang'ono. Ndili mwana ndinkaganiza kuti aliyense anali ndi chisoti chagolide ndi nyumba yachifumu yonga ya Solomo. Ayi ndithu, ambiri ankalamulira mzinda umodzi wampanda ndi minda yozungulira. Komatu mawu omwewo ndi amene akutchulira Farao, ndipo Nebukadinezara pa Ezekieli 26:7 akutchedwa melek melakim, mfumu ya mafumu.



Zikomo kwambiri, nonse. Ndiye Sauli ndiye melek woyamba wa Aisraeli?



Pamenepo mpovuta pang'ono, bambo. Sauli asanabwere, Abimeleki mwana wa Gideoni analongedwa ufumu ku Sekemu atapha abale ake pa mwala umodzi (Oweruza 9), ngakhale anangokhala zaka zitatu. Ndipo pa 1 Samueli 8 ndi anthu amene akulirira melek "ngati mitundu ina yonse", pomwe pa 10:1 Samueli pothira mafuta Sauli akumutcha nagid, mtsogoleri. Mawu awiri osiyana, ndime zoyandikana.



Nanga Moleki uja ankamuwotchera ana, si m-l-k yemweyu?



Zilembo zake ndi zomwezo, mayi. Akatswiri ena amati alembi anapotoza dala katchulidwe kake kuti kafanane ndi boshet, manyazi, pofuna kumunyoza. Ena amatsutsa, amati linali dzina la mtundu wa nsembe.