Mwala wokumbukira asilikali m'tchalitchi: tiyambire pati?

Wa ku Kawale:
Akuluakulu, khonsolo ya parishi yathu ikufuna kuika chikumbutso cha akhristu athu amene anafera ku nkhondo, kuyambira a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda) mpaka a MDF (Malawi Defence Force) amene anaphedwa ku DRC. Mayina tikawatsimikizire kuti? Nanga tilembe pa mkuwa kapena pa mwala?

Wa ku Area 25:
Yambani ndi mayina, bambo, mwala ubwere pambuyo. Amene anamwalira pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945 muwafufuze pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi mayina a asilikali a nkhondo ziwirizi, kenako ku National Archives ku Zomba. Vuto ndi loti alembi a atsamunda ankalemba dzina momwe alimvera, ndipo ambiri analembetsa usilikali ndi dzina losiyana ndi la ubatizo. Choncho funsani abale nambala ya usilikali, imapezeka pa mendulo zina ndi pa zikalata zakale, muyerekeze ndi buku la ubatizo. Za a MDF lemberani kalata ku likulu lawo, ndipo banja livomereze kaye.

Mmisiri wa ziliza:
Mkuwa musiyeni. Umada msanga, komanso akuba zitsulo amauzula. Tengani mwala wakuda wa gulanayiti, masentimita 90 ndi 60, wochindikala masentimita 3. Umalemera pafupifupi makilogalamu 45, ndiye simenti yokha siyingaugwire. Pamafunika mabawuti 4 osachita dzimbiri, olowa m'khoma masentimita 8 kapena 10. Bawuti wamba akachita dzimbiri amatupa n'kung'amba mwala pakona. Ngati khoma linamangidwa ndi dothi, gumulani pamalopo mumangenso ndi simenti. Pewani khoma limene limanyowa nthawi ya dzinja.

Zilembo zikhale zogoba, zosachepera masentimita 2. Musanagobe, sindikizani mayina papepala, mupachike pakhomo la tchalitchi masabata 4 kuti anthu akonze zolakwika. Pansi musiye malo, mayina ena amatulukira mwala utakhomedwa kale.

Katekisiti wopuma:
Bambo mfumu adziwitse ambuye episkopi musanaboole khoma. Mayina muwandandalike motsatira alifabeti, osati maudindo, apo ayi mabanja adzakangana. Amtengatenga musawaiwale. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda atasenza katundu wa nkhondo yoyamba ija, koma mayina awo sanalembedwe, ndiye apatseni mzere umodzi wowakumbukira onse. Kudalitsa mwalawo kumayenera Lamulungu lachiwiri la Novembala, tsiku lokumbukira asilikali ofera ku nkhondo, koma asilikali opuma muwaitane msanga chifukwa tsikulo ambiri amapita ku chipilala chokumbukira asilikali cha ku Area 18.