Masewera a mawu okhaokha akukana kudzaza sikirini mu labu, ndithandizeni

Aphunzitsi a labu, Ntcheu
Mwaswera bwanji akuluakulu. Pa kalabu yathu yowerenga Chingerezi, ana a Fomu 2 ndimawaseweretsa masewera aja opanda zithunzi, amene kompyuta imakufotokozera pomwe uli, iwe nkutayipa chochita, monga "open door" kapena "take lamp". Mwana amene salankhula m'kalasi amawerenga ndime yonse chifukwa akufuna adziwe pomwe pali kiyi. Vuto ndi ili: makompyuta athu ndi a Windows 7, ndipo ndikuyendetsa masewerawa ndi dfrotz, kapulogalamu kotsegulira masewera otere, mu windo yakuda ija ya cmd. Kawindo kake nkakang'ono, pa pulojekita a kumbuyo sakuona chilichonse. Ndikadina Alt ndi Enter ikundiyankha kuti "This system does not support fullscreen mode". Kodi ndi ma driver, kapena ndasokoneza penapake?

Wokonza makompyuta, Limbe
Aphunzitsi, simunasokoneze ayi. Pa Windows XP Alt ndi Enter inkadzazadi sikirini. Kuyambira pa Vista ndi 7 anasintha kapangidwe ka ma driver a zithunzi, ndiye cmd inasiya kutero. Zinabwereranso pa Windows 10. Ena adzakuuzani kuti muchotse driver ya zithunzi kuti ibwerere ku VGA wamba. Chonde musayese zimenezo pa makina a sukulu, pulojekita iyamba kuvuta ndipo mudzandiimbira foni usiku.

Chinanso, dfrotz anaipanga kuti izingolavula mawu mzere ndi mzere. Ngakhale itadzaza sikirini, kamzere kapamwamba kosonyeza dzina la chipinda ndi mapointi sikaoneka bwino.

Madamu a ICT, Mzuzu
Ine ndikanati ikani Linux basi. Frotz yeniyeni, imene dfrotz ili mtundu wake wopepuka chabe, imayenda mu teminolo, momwe mumangotayipa malamulo. Mukadina Ctrl, Alt ndi F3 mumachoka pa desikitopu nkulowa pa sikirini yakuda yonse, kenako mumalemba frotz ndi dzina la fayilo. Palibe mausi, palibe kawindo kena koti mwana athawireko kukasewera makadi. Zilembo zikachepa, pa Debian kapena Ubuntu mumalemba sudo dpkg-reconfigure console-setup nkusankha Terminus yaikulu, ya 16x32.

Aphunzitsi a labu, Ntcheu
Madamu, nzeruyo ndaimva ndipo ndaikonda, koma makina omwewa ndi amene ana amaphunzirirapo Word ndi Excel m'mawa. Ndikafufuta Windows ahedi sandimvetsa. Kuika ziwiri pa makina amodzi ndikuopa, ma hard disk ake ndi okalamba kale.

Mkulu wa laibulale, Zomba
Achimwene a ku Ntcheu, siyani cmd, tengani Gargoyle, pulogalamu ina yotsegulira masewera omwewa. Ndi yaulere ndipo ili ndi windo yakeyake, ndiye nkhani ya ma driver ija siikukhudza. Ndifotokoze pang'ono chifukwa anthu ambiri amasokonezeka apa. Fayilo ya sewero, kaya ndi .z3, .z5 kapena .z8, si pulogalamu ya Windows. Inalembedwera kompyuta yongoyerekeza yotchedwa Z-machine, imene a kampani ya Infocom anaipanga cha m'ma 1979 kuti sewero lawo la Zork liziyenda pa makompyuta osiyanasiyana a nthawi imeneyo popanda kulilembanso. Ndiye chomasulira chilichonse chodziwa Z-machine, monga dfrotz kapena Gargoyle, chitha kutsegula fayilo yomweyo. Mukasintha chomasulira, masewera anu simutaya.

Gargoyle ili ndi fayilo ya masetingi yotchedwa garglk.ini. Itseguleni ndi Notepad, pezani mzere wa fullscreen, sinthani 0 akhale 1. Ngati yatsopano ikukana kulowa pa Windows 7, tsitsani yakaleko pang'ono.

Wokonza makompyuta, Limbe
Ndikuvomereza. Pali zomasulira zinanso, Lectrote komanso Parchment yoyenda mu browser, pomwe F11 imadzaza sikirini, koma pa makina a RAM yochepa ine ndingasankhe Gargoyle. Lectrote imanyamula browser yathunthu m'kati mwake.

Aphunzitsi a labu, Ntcheu
Akulu a ku Zomba, yatheka, yadzaza sikirini yonse! Koma taonani chabwera. Zilembo zikadali zazing'ono, ndipo chiganizo chimodzi chikuyambira kumanzere kwa khoma mpaka kukafika kumanja. Ndinaima kumbuyo kwa kalasi kuyesa kuwerenga. Ukamaliza mzere, diso likusochera pobwerera, nkuyambanso mzere womwe uja. Mtsikana wina amaloza ndi rula m'mwamba kuti asataye pomwe ali. Kawindo kakang'ono kaja kanali bwinoko powerenga.

Mkulu wa laibulale, Zomba
Eya, apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Kudzaza sikirini pakokha sikuthandiza wowerenga. Chofunika ndi zilembo zazikulu ndi mizere yaifupi, monga zimakhalira m'buku la ana. Mu fayilo yomweyo muli mzere wa cols, kutanthauza kuchuluka kwa zilembo pa mzere umodzi. Ikani 60 kapena kucheperako, kenako lockcols ikhale 1. Mukatero mawu amakhala pakati, malo otsala m'mbali amangokhala opanda kanthu, ngakhale sikirini ikule bwanji.

Kukula kwa zilembo kuli pawiri. Propsize ndi ya nkhani yeniyeniyo, monosize ndi ya kamzere kapamwamba ndi mamapu ojambulidwa ndi zilembo. Pa pulojekita yambani ndi 24 ndi 20, muone.

Aphunzitsi a labu, Ntcheu
Ndasintha. Zakula ndithu, koma tsopano mizere yakwerana. Michira ya g ndi y ikulowa m'mitu ya zilembo za mzere wapansi.

Madamu a ICT, Mzuzu
Mwakulitsa zilembo koma mpata wa pakati pa mizere mwausiya momwe unalili. Pezani leading ndi baseline. Leading ndi kutalika kwa mzere wonse, baseline ndi pomwe zilembo zimapondapo m'kati mwa mzerewo. Zikwezeni pamodzi ndi propsize. Pa 24 yesani leading 32 ndi baseline 24, mutseke Gargoyle nkuitsegulanso, chifukwa masetingi imawawerenga poyamba pokha.

Ndipo ndibwereze nkhawa yanga ija, fullscreen si loko. Mwana wodziwa Alt ndi Tab atuluka basi. Ngati nkhani ndi makadi, chotsani masewera a Windows kudzera pa "Turn Windows features on or off" mu Control Panel.

Wokonza makompyuta, Limbe
Ndionjezere za magetsi, poti tonse tikudziwa momwe amatichitira. Aphunzitseni ana kutayipa SAVE akangodutsa pena povuta, ndi RESTORE pobwerera. Frotz ndi chomasulira cha Z-machine cha mu Gargoyle zonse zimasunga mu mtundu umodzi wotchedwa Quetzal, ndiye zimene ana anasunga kale pa dfrotz ziyenera kutseguka, bola sewero likhale fayilo yomweyo.

Mkulu wa laibulale, Zomba
Phindu lina, achimwene: masewera ambiri atsopano opangidwa ndi Inform 7, pulogalamu yolembera masewera otere, amabwera ngati .ulx kapena .gblorb. Amenewo ndi a Glulx, kompyuta ina yongoyerekeza, ndipo Frotz siwatsegula, koma Gargoyle imawatsegula. Pa IF Archive, nkhokwe ya masewera otere pa intaneti, alipo ambiri aulere. Masewera a Z-machine sadya bandulo, .z5 siipitirira 256KB ndipo .z8 siipitirira 512KB. Koma muziyamba mwasewera nokha musanapatse ana, ena analembedwera akuluakulu.

Aphunzitsi a labu, Ntcheu
Zikomo nonse, tsopano zili bwino. Ndaika cols 55, lockcols 1, propsize 24, leading 32. Masana ano tinatsegula Adventure ija ya kuphanga, ya Crowther ndi Woods, ndipo a benchi yomaliza ndi amene amakuwa kuti titenge nyali tisanalowe pansi. Funso lomaliza: kodi ndiyenera kusintha masetingi pa kompyuta iliyonse payokha?

Mkulu wa laibulale, Zomba
Ayi. Gargoyle imawerenganso garglk.ini imene ili mu foda imodzi ndi sewerolo. Ikani fayilo yanu yokonzakonzayo pamodzi ndi masewera mu foda imodzi pa fulashi, nkukopera foda yonseyo pa makina onse. Ya pulojekita mupange ina payokha, chifukwa 24 pa monita ya pa desiki ikhala yaikulu kwambiri, pamenepo 18 ikwanira, ndipo leading muitsitse ifike cha pa 24.