Thandizo pa nkhani ya sitima ya Guendolen ndi nkhondo ya 1914

Moni nonse akuluakulu ndi abale a m'gulu lino. Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale ndipo ndikukonzera ana asukulu mpikisano wa mafunso, koma pali mfundo imodzi imene yandiimitsa mutu.

Anthu ambiri amanena kuti nkhondo yoyamba ya pamadzi pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inachitikira pa Nyanja ya Malawi mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angelezi ya Guendolen, yotsogoleredwa ndi Kaputeni Rhoades, inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe masiku ano ndi Liuli ku Tanzania. Chodabwitsa n'chakuti Kaputeni Berndt wa Ajeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba, ndipo sitima yake inali pamtunda ikukonzedwa. Komabe, pa 5 Ogasiti 1914 Angelezi anali atamiza kale sitima ya Ajeremani ya Königin Luise pa nyanja ya North Sea ku Ulaya, zomwe zikundikayikitsa ngati mawu akuti "yoyamba" ali oona.

Ndafufuza pa intaneti, ndawerenga mabuku a m'laibulale ya pasukulu pathu, ndafunsanso aphunzitsi anzanga, koma magwero ake akusiyana ngakhale pa tsiku lenileni. Ku Mangochi ndinaonako mfuti yaikulu ya Guendolen imene ili pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Kodi alipo amene anawerengapo malipoti a nthawiyo ku National Archives ku Zomba, kapena amene ali ndi buku lodalirika, andiuze tsiku lenileni komanso momwe ndingalembere funsoli popanda kusokeretsa ana?