Uvuni wa gasi ukuyaka koma ndikasiya knob moto ukuthima, thandizani

Mussa, Senga Bay
Akuluakulu thandizani msanga. Kuka ya gasi, mbale zinayi pamwamba, uvuni pansi, pa loji ina kuno ku Senga Bay. Pamwamba ponse pakuyaka bwino, lawi la buluu. Uvuni ndiye wandithetsa nzeru. Ndikakanikiza knob spark ikumenya, burner yonse ikugwira moto, koma ndikangochotsa dzanja basi wathima. Silinda ya 19kg yodzadza. Jet, kabowo kotulukira gasi kupita mu burner, ndatsuka. Thermocouple, kachitsulo komva kutentha kwa lawi kaja, ndamanga yatsopano ya universal, palibe chasintha. Mwini malo sakundipatsa mpata, Loweruka kukubwera alendo, makeke ndi chambo zonse zikudikira uvuni womwewu. Ndikuphonya pati?

Bambo Kalonga, Kamuzu Road
Regulator imeneyo, kachipangizo ka pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi. Sinthani regulator muzipita kwanu.

Che Amidu, Nkhotakota
A Kalonga, regulator ikanakhala yakufa mbale zapamwamba zikanayamba ndizo kuvuta. A Mussa, uvuni woyaka uli m'manja n'kuthima mukausiya, mlandu wake uli pakati pa nsonga ya thermocouple ndi magnet valve, yotseka gasi lawi likathima, imene ili mu thermostat kuseri kwa knob ya uvuni. Yambani ndi zosafuna ndalama.

Zulani knob, mukanikize kachitsulo kake kenikeniko ndi chigwiriro cha screwdriver mpaka kagunde kumapeto, muyatse, mugwire masekondi 15 mpaka 20. Kukanikizako ndi kumene kumakankha kambale ka magnet kuti kakakhudze coil. Thermocouple ilibe mphamvu yokoka kambaleko, imangokagwira kakafika kale. Knob ya pulasitiki ikadyeka m'kati, kapena panel ya kutsogolo ikapindikira kunja, knob imagunda panel kachitsulo kasanafike. Mutha kugwira mpaka dzanja lichite dzanzi, sichigwira. Ikagwira popanda knob, ndiye kuti thermocouple yakale ija inalibe mlandu.

Kenako nsonga. Iyenera kukhala m'lawi mwenimweni, 5mm mpaka 10mm yakumapeto, osati kungoyandikira. Za universal zimabwera ndi nati ziwiri zosunthira pa bracket ndipo anthu ambiri amangomanga pamene yagwera. Onaninso mabowo a burner amene ayang'anizana ndi nsongayo. Kuno kunyanja dzimbiri ndi mafuta otayika zimatseka mabowo angapo, burner imaoneka yoyaka yonse koma pa thermocouple pomwepo lawi ndi lalifupi. Burashi ya waya ndi kasingano, basi.

Mussa, Senga Bay
Knob ndiyesa. Nsonga ili m'moto ndithu, ikufiira. Koma nati ya kumbuyo kwa thermostat ikulowa molimba, ikungoyenda pang'ono n'kuima.

Che Amidu, Nkhotakota
Ehe, imani pomwepo, musakakamize ndi sipanala. Ulusi wa nati zimenezi si umodzi: pali M8x1, pali M9x1, pali M10x1. Mukalowetsa yosayenera imaluma pang'ono n'kuima, ndiye kamutu ka thermocouple sikakufika pa contact ya magnet. Magetsi ake ndi ochepa kwambiri, ma millivolt, moti kampata kakang'ono kapena kadothi kokha kakwanira kudula zonse. Tengani nati ya thermocouple yakale muyerekeze, kapena funani adapter yoyenera m'paketi momwemo. Mukaphwanya ulusi wa thermostat mwagula thermostat yonse, ndipo imeneyo simuipeza pa Kamuzu Road, ndi ulendo wa ku Lilongwe.

Nati yoyenera imalowa ndi zala mpaka kumapeto, kenako kota imodzi ndi sipanala. Mukapitirira apo mumaphwanya ka washer kotchinga pa kamutu kaja, waya wa m'kati amakhudzana ndi kopa wakunja, magetsi amathera pomwepo. Ndipo thread tape asayandikire pamenepo. M'menemo simudutsa gasi, ndi polumikizira magetsi.

Bambo Kalonga, Kamuzu Road
Zonsezo ndamva koma regulator ikatopa lawi la uvuni limachepa, silifika pa thermocouple. Burner ya uvuni imadya gasi wambiri kuposa mbale imodzi ya pamwamba. Mukuvutika ndi ma millivolt pomwe chinthu chake ndi chomasula ndi manja.

Mayi Chisale, Dwangwa
A Kalonga, mwini wake wanena kuti nsonga ikufiira. Lawi losafika lingafiiritse chitsulo? Koma kuti mtima wanu ukhale pansi, kuyesa kwake n'kosavuta. Ayatse mbale zonse zinayi pa high, kenako ayatse uvuni. Malawi a pamwamba akagwa pomwe uvuni wayaka, regulator kapena paipi ili ndi vuto. Akapanda kugwedezeka, tiisiye regulator. Wofuna nambala apinde paipi yoonekera m'kati ngati U, athiremo madzi, alumikize pa test point, poyezera pressure ya gasi pa kuka. Regulator ya low pressure ya 2.8kPa, yomwe makuka ambiri ochokera ku South Africa amafuna, iyenera kusiyanitsa madzi pafupifupi 28cm mbale zikuyaka.

A Mussa, multimeter muli nayo? Masulani thermocouple kumbuyo, ikani mita pa DC mV, waya wina pa kamutu, wina pa kopa wakunja. Yatsani burner mutagwira knob. Yabwino imakwera kufika 20mV mpaka 30mV m'kati mwa theka la mphindi. Ikamakakamira pansi pa 15, ngakhale ndi yatsopano, ndi yotaya. Ikapereka bwino, nati ili bwino, knob ikufika, koma osagwirabe, chatsala ndi magnet unit yokha. Pa ma thermostat ena imamasulidwa payokha kumbuyo, koma mutseke silinda kaye, ndipo mukabwezeretsa muyese ndi thovu la sopo chifukwa pamenepo ndiye pamadutsa gasi.

Gift, Chipoka
Madala bwanji osangochotsa ka magnet ko kapena kupanikiza knob ndi kamtengo kuti adutse weekend? Spare ikabwera abwezeretsa. Makuka akale analibe zimenezi ndipo anthu ankaphika.

Mayi Chisale, Dwangwa
Iwe Gift, zimenezo usadzachite pa kuka ya munthu. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kumwamba kuti atuluke, amatsikira pansi pa uvuni ndi m'kabati ya mapoto ija. Akangokwana magawo awiri mpaka khumi pa 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono kakwanira. Uvuni ndi bokosi lotseka, wophika saona lawi. Wina amenyetse chitseko, kapena mwera ulowe pa khomo la khitchini monga umachitira June mpaka August, moto uthime, gasi azingotuluka. Wophika akabwera kudzaona keke n'kupeza uvuni wozizira, choyamba chimene amachita ndi kukanikiza spark, nkhope ili pa chitseko. Galasi lija limabwera kumaso. Magnet valve ntchito yake ndi yomweyo, kutseka gasi lawi likafa, m'kati mwa mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo zikaphulika pa malo a bizinesi, apolisi safunsa wophika, amafunsa amene anagwira kuka komaliza.

Che Amidu, Nkhotakota
Mayi anena zoona. Ngati spare sipezeka pofika Loweruka, uvuni utsekedwe, alembepo chikwangwani, chambo awotche pa makala. Palibe mlendo amene anakanapo chambo cha pa makala.

Pomwe tili pomwepa, ophika ambiri m'maloji sadziwa kuyatsa uvuni magetsi a ESCOM akathima, chifukwa spark ya makuka ambiri imadalira soketi. Aphunzitseni musanachoke. Chitseko chitsegulidwe chonse. Anunkhize pansi, osati m'mwamba. Moto uyambe, gasi abwere pambuyo: machesi aatali kapena lighter ya khosi lalitali ifike kaye pa kabowo ka pa chitsulo cha pansi pa uvuni, kenako akanikize knob ndi kupotokola mpaka pa high. Nkhope kumbali. Likagwira, agwirebe knob masekondi 15, asiye pang'onopang'ono, asuzumire pa kabowo kuti lawi lazungulira mbali zonse za burner, atseke chitseko mofatsa. Akaona kuti masekondi 15 adutsa osayaka, atseke knob, chitseko chikhale chotsegula, adikire mphindi imodzi yathunthu, ndipo ngati fungo likumvekabe adikire zisanu. Chimene chimawotcha nsidze za anthu ndi kutsegula gasi kaye kenako n'kumakafufuza machesi. Pepala la nyuzi lopiringiza ayi, phulusa lake limagwera m'mabowo a burner.

Bambo Mwale, Benga
Onjezani kuti si uvuni uliwonse woyatsa ndi machesi. Makuka ena a ku America obwera m'makontena ali ndi glow bar, kachipangizo kofiira ndi magetsi koyatsa gasi, m'malo mwa spark ndi thermocouple. Valve yake imatseguka pokhapokha glow bar ikamakoka current yokwanira, pa za flat zija ndi 3.2A mpaka 3.6A. Magetsi kulibe, gasi sabwera, ngakhale muthe bokosi lonse la machesi. Ndipo glow bar yotopa imafiira ndithu koma current yake siikwana, munthu n'kumanamizira valve.

A Mussa, funsaninso ophikawo ngati poyamba uvuni unkathima pakati pophika, osati poyatsa pokha. Imeneyo ndi nthenda ina. Uvuni ukatentha kufika pamene mwaika, thermostat imatseka njira yaikulu, gasi amadutsa pa kanjira kakang'ono kotchedwa bypass kokha, lawi limatsika kwambiri. Bypass ikatsekeka ndi girisi youma, kapena lawi laling'onolo likapanda kukhudza nsonga ya thermocouple, moto umafa patapita mphindi 10 kapena 15 ndipo keke imagwa pakati. Choncho nsonga muziika poganizira lawi laling'ono, osati lalikulu lokha. Kuyesa kwake: tenthetsani pa high chitseko chotseka mphindi 10, tsitsani knob mpaka pa low, tsegulani ndi kutseka chitseko ngati mmene wophika wofulumira angachitire. Lawi lisathime.

Bambo Kalonga, Kamuzu Road
Lawi likamathima pa low, imeneyo si regulator?

Bambo Mwale, Benga
Ayi bambo, ndi bypass.

Bambo Kalonga, Kamuzu Road
Inu mukanena chani, regulator zambiri zimene zili m'makhitchini muno ndi zotha. Mukaimasula mumapeza mafuta akuda m'kati, diaphragm yauma. Munthu wafika kale pa kuka, amasule aone, atayapo chiyani?

Che Amidu, Nkhotakota
Kuona aone, palibe wakana. Koma asapite kukagula ija yofiira yopotokola ya high pressure poganiza kuti moto ukhala wamphamvu. Imeneyo ndi ya mbaula zachitsulo zokazingira chipisi. Pa kuka ya m'nyumba lawi limanyamuka kuchoka pa burner, limalira, thermocouple imatsala pansi pa lawi pozizira, ndipo ma tap amayamba kudontha gasi. Vuto la Mussa lingakule kawiri.

Mayi Chisale, Dwangwa
A Mussa, pa jet paja mwati mwatsuka, mwatsuka ndi chiyani? Ngati ndi msomali kapena drill, bowo lakula. Jet ndi ya brass yofewa, nambala yolembedwapo nthawi zambiri ndi kukula kwa bowo, 75 ndiye kuti 0.75mm. Mukalikuza pang'ono lawi limasanduka lachikasu, mwaye umakuta nsonga ya thermocouple, kutentha sikulowa bwino. Tsukani ndi mpweya kapena kawaya kamodzi kofewa ka mu nthambo ya magetsi ya flex. Pa makuka a kaunjika ochokera ku UK onani kapepala ka kumbuyo. Ngati palembedwa G20 20mbar, ma jet ake ndi a natural gas, mabowo ake ndi aakulu, ndipo osintha ambiri amasintha anayi a pamwamba n'kuiwala ya uvuni ndi ya grill chifukwa zili kobisika. Bypass screw nayo imafuna kusinthidwa, pa gasi wa silinda kawirikawiri imamangidwa mpaka kumapeto.

Musanabwezeretse burner muunike m'paipi yake yokokera mpweya ija. Mavu amamanga dothi m'menemo, akangaude amaluka, mphemvu zimaferamo, makamaka pa maloji amene uvuni umakhala miyezi osayatsidwa. Ndipo foil imene ophika amayala pansi pa uvuni kuti asamatsuke, ichotseni. Imatseka mabowo a mpweya, lawi limayandama, ndipo mpweya woipa wa carbon monoxide umayambira pamenepo. Umenewo sununkha.

Gift, Chipoka
Chabwino amayi ndamva. Funso lina, paipi ya gasi ikadutsa kumbuyo kwa uvuni pali vuto? Makuka ambiri polumikizira pali kumanja pomwe silinda ili kumanzere.

Bambo Mwale, Benga
Vuto lalikulu. Kumbuyo kwa uvuni kumatentha, paipi ya labala imauma n'kung'aluka mbali imene simuiona. Makuka ambiri ali ndi polumikizira mbali zonse ziwiri, kwinako kuli plug, ingosinthanitsani ndi washer watsopano. Zikakanika sunthani silinda. Paipi ikhale ya gasi yeniyeni yolembedwa LPG ndi chaka chake, osati ya madzi, isatalike kupitirira 2m, ma clamp mbali zonse, osati waya wopota kapena mphira ya njinga. Poyesa kudontha ndi sopo ndi madzi, pa regulator, pa ma clamp, pa nati iliyonse imene mwagwira. Machesi poyesera ayi.

Gift, Chipoka
Nanga silinda ikamachita thukuta kunja pophika?

Bambo Mwale, Benga
Ndiye kuti mukukoka gasi mofulumira kuposa mmene madzi a gasi a m'katiwo akusandukira mpweya, silinda ikuzizira ndipo pressure ikutsika. Zimachitika mukaika 9kg pa kuka yaikulu mbale zonse ndi uvuni zikuyaka, kapena gasi akatsala pang'ono. Ikani ya 19kg kapena 48kg, kapena ziwiri pa changeover, cholumikizira masilinda awiri. Osaigoneka chammbali kuti mutsirize wotsalayo, madzi a gasi amalowa mu regulator, ndipo osaiyandikiza pa moto kuti itenthe. Kudziwa wotsala ndi sikelo: yezani silinda, muchotsepo kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumene kunadindidwa pa chogwirira chake.