Kodi mawu akuti "shooting brake" amatanthauza chiyani pa galimoto?

Nankhoma: Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka ndinapita ku chionetsero cha magalimoto akale kuno ku England. Panali Aston Martin DB5 yachilendo, denga lake lotalika mpaka kumbuyo, ngati galimoto yonyamulira katundu. Pachikwangwani analemba kuti "shooting brake". Mabuleki ndikuwadziwa, kuwombera ndikukudziwa, koma ziwirizi zikukumana pati? Zandizunguza mutu sabata yonse.

Makaniko wa ku Ndirande: Mayi, ine ndikuganiza kuti ndi mabuleki ogwira msanga. Galimoto yaliwiro imafunika zotero.

Agogo Gama: Ayi achimwene, mabuleki mulibemo m'menemo. Mawuwa ndi akale kuposa galimoto imene. Kalelo ku Britain "brake" inali ngolo yolemera yophunzitsira mahatchi aang'ono kukoka. Amene munakulira kumudzi mukukumbukira mmene timayambira ndi ng'ombe yatsopano: timaimanga m'goli n'kuikoketsa chipika, mpaka liuma litatha, ndiye kenako n'kuipatsa ngolo. Ntchito ya "brake" inali yomweyo. Pambuyo pake ngolo zotere anaziika mipando, n'kumanyamulira anthu olemera popita ku uzimba pamodzi ndi mfuti, agalu ndi nyama zomwe apha. Kuwombera kuja kwachokera pamenepo. Mahatchi atasiya ntchito, dzinalo linangosamukira pa galimoto.

Nankhoma: Zikomo agogo, tsopano zamveka. Nanga galimoto yothamanga ngati imeneyi inakhala bwanji ngolo ya alenje?

Agogo Gama: Chinayambitsa ndi mwini kampani, David Brown, amene anagula Aston Martin mu 1947. Zilembo DB zija ndi dzina lake. Bamboyu ankakonda kusaka ndi kusewera polo, masewera a mpira ochitika atakwera mahatchi, ndipo mu DB5 wamba galu wake ndi zipangizo zake sizinkakwanamo. Amisiri a kufakitale ya Aston Martin ya ku Newport Pagnell anamukonzera yakeyake. Anzake ataiona anaisirira, koma fakitale inali yotanganidwa, choncho ntchitoyo anaipereka kwa kampani ya Harold Radford ya ku London. Iwo ankatenga DB5 yomalizidwa kale, kudula denga, kulitalikitsa ndi aluminiyamu yosulidwa pamanja, n'kuika chitseko chakumbuyo chotsekukira m'mwamba. Zinapangidwa 12 zokha, pamene ma DB5 onse a pakati pa 1963 ndi 1965 anapitirira pang'ono 1,000. Mwaona chinthu chosowa kwambiri, mwana wanga.

Makaniko wa ku Ndirande: Ndagonja agogo. Koma kudulako kukundiwawa mumtima. Bodi ya DB5 inamangidwa m'njira ya Superleggera ya kampani ya Touring ya ku Milan, timapaipi tating'ono tachitsulo tokutidwa ndi aluminiyamu. Ukadula timapaipi ta padenga wafooketsa galimoto yonse. Amene anagwira ntchito imeneyo osaiwononga anali amisiri enieni, ndipo ndikanakonda kuona manja awo akugwira.

Agogo Gama: Ambiri mwa makampani akale okhoma mabodi a magalimoto ankachokera ku ntchito ya ngolo. Fakitale ya ku Newport Pagnell ija inayamba ndi banja la Salmons, lomwe linkakhoma ngolo za mahatchi zaka za m'ma 1800.

Nankhoma: Chionetsero china chikubwera mwezi wamawa. Achimwene a ku Ndirande, ndikaipezanso ndidzakujambulirani pamene denga analumikiza, muone nokha ngati msoko ukuoneka.