Ana a sitandade 7 kulemba nthano zoopsa, ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Chitakale:
Aphunzitsi anzanga ndigawireniko nzeru. Ndikufuna ana anga a sitandade 7 alembe nthano zoopsa pa Chichewa, chimangirizo chija cha tsiku lomwe sindidzaiwala chawakwana, aliyense amangolemba za ukwati wa azakhali ake. Koma ukawauza kuti lembani zoopsa amangokopera mafilimu a ku vidiyo sho, mzere woyamba womwe munthu wadulidwa kale mutu, magazi ponseponse, nkhani yathera pompo. Inu mumatani kuti mantha azibwera pang'onopang'ono?

Madamu a ku Luchenza:
Asathamangire cholembera achimwene. Atumeni kaye akafunse agogo awo nkhani za m'phiri la Mulanje, mawa lake aliyense ayimirire afotokoze pakamwa, iye padangokhala anzake tilitonse. Kuno nkhani sitisowa ayi, za ku Sapitwa, za Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, za chakudya chija akuluakulu amati umachipeza m'phiri chokonzakonza koma mwini wake osaoneka, ndiye udye wekha osaitana mnzako komanso osatengako. Lamulo ngati limeneli ndi poyambira pabwino kwambiri, mwana angolemba za munthu amene waliphwanya, mwina kamtsikana kabisa nthochi imodzi mu chitenje kuti kakapatse mng'ono wake yemwe wagona ndi njala. Wowerenga akudziwa kale kuti zikaonekera, akungodikira kuti liti.

Sala wa ku Bvumbwe:
Ine ndimawaletsa mawu oti "ndinaopa" ndi "mzukwa" mpaka ndime yomaliza. Alembe zomwe khutu likumva basi. Chiperoni chatseka munda wa tiyi, ukuchokera kuchigayo thumba pamutu, kumbuyoku kukumveka mapazi, ukaima nawonso akuima. Yesani muone, kalasi yonse imangoti ziii.

Mayi wa ku Muloza:
Ine si mphunzitsi, ndine kholo chabe koma chonde a sala, woipa mu nthanozo asamakhale gogo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi nthawi zonse, ana akazolowera kulemba choncho mawa ndi omwewo ogenda nkhalamba ati ndi mfiti. Za anamapopa nazonso zisiyeni, 2017 si kale, anthu osalakwa anaphedwa ku Mulanje ndi ku Phalombe chifukwa cha mphekesera zomwezo. Komanso za Napolo muziyamba mwaona kaye nkhope za ana, ena makolo awo anapita ndi matope a Freddy mu 2023 ndipo mvula ikangolimba usiku sagona mpaka pano. Woteroyo musamukakamize kuwerenga kutsogolo.

Mphunzitsi wa ku Chitakale:
Zikomo amayi, mwanena zoona, ana otero ndili nawo m'kalasimu, ndiwalola asankhe okha mutu wina. Lolemba tiyamba ndi zofunsa agogozo. Madamu, nthano ya mwana mmodzi mumaipatsa mphindi zingati? Kalasi yanga ndi yodzadza, ena amakhala pansi mpaka pakhomo.